Kansanza ka pa Chiwongolero

Mlamu wanga ndi wabodza. Ndikunena mchimwene wake wa mkazi wanga, wamkulu uja wa ku Ngauma, amene lero amavala jekete n'kumaimirira kutsogolo m'tchalitchi kulangiza anthu. Ameneyo. Anandinamizira pamaso pa asilikali a Chipwitikizi ine ndili chiimire pomwepo, ndipo mpaka lero sanabweze mawu ake. Tsono posachedwapa watuma munthu kudzandiuza kuti akubwera kudzakhala nkhoswe ya mwana wanga wamkazi, poti ndiye malume. Chimvereni uthengawo sindikukhazikika. Ndikakhala pansi ndimadzuka, ndikadzuka ndimangozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Ndiye ndati bola ndilembe. Sukulu ndinalekeza panjira, koma zimene ndinaona ndi maso anga sizifuna sukulu.

Inali nthawi ya nkhondo ija yochotsa Apwitikizi. Ine ndinali makaniko wa mzungu wina wa kantina, sitolo ya pa Mandimba, tinkangomutchula kuti patarau, ndiye kuti bwana. Anali ndi karinya imodzi, galimoto yaing'ono yotsegula kumbuyo, imene inkapititsa mchere, sopo ndi palafini kumidzi ya ku Ngauma n'kubwerako ndi chimanga ndi fodya. Woyendetsa wake atathawira ku Malawi, ndine ndinapita kwa patarau kukanena kuti ndili ndi mlamu wodziwa chiwongolero. Ndine, ndi pakamwa panga pomwepa. Kumbuyo pamatumba kunkakhala bambo wina wa m'mudzi mwa mlamu wangayo, wokweza ndi kutsitsa katundu. Anali munthu wanthabwala, wamkulu kuposa tonse. Akandiona ankakuwa kuti, "Asing'anga a zitsulo, mwadzuka bwanji? Wodwala wanu wayambanso kutsokomola!"

Masiku amenewo galimoto sinkayenda yokha. Mumsewu munali mina, mabomba okwirira pansi aja, ndiye tinkayenda pa koluna: magalimoto onse mzere umodzi, asilikali kutsogolo, asilikali kumbuyo. Lamulo linali limodzi basi. Tayala lako liponde pamene laponda tayala la mnzako wakutsogolo. Ukangophonya pang'ono, ukuponda dothi limene sanapondepo munthu, ndipo chimene chili pansi pake akudziwa ndi amene anakwirira. Komanso tsiku lonyamuka sankanena, kuopa kuti mawu akafika kwa anyamata a m'thengo, omenyera ufulu aja. Unkangomva malole akulira, msilikali n'kukuwa kuti tiyeni, wotsala watsala.

Tsono karinya yathu inayamba kuyenda ngati munthu wochokera ku mowa. Ukapotoza chiwongolero, chinkayamba chayenda chokha mpata wa chikhatho matayala asanamve. Pamabampu chinkanjenjemera mpaka mapewa kuwawa. Mlamu wanga anabwera kuseri kwa kantina kumene ndinkagwirira ntchito, pansi pa mango.

"Alamu, galimoto iyi ikufuna kundipha. Ine ndikuti uku, iyo ikuti uko."

"Mwina ikudana ndi nyimbo zanu zija," ndinatero.

"Sekani. Tsiku lina mudzanditolera m'mitengo."

Ndinalowa pansi, ndinamuuza agwedeze chiwongolero, ine n'kumagwira zitsulo. Kremalyera inali itatha. Kremalyera ndi chitsulo chachitali chamano chimene chimagona chopingasa pakati pa matayala akutsogolo. Chiwongolero chikazungulira, chimakankha chitsulocho uku kapena uko, matayala n'kutsatira. Mano ake apakati anali atadyeka ngati a mbuzi yokalamba. Mabusha nawo, timphira tija togwira zitsulo kuti zisamagundane, anali atasanduka nyenyeswa. Ndinali nditadulapo kale ena kuchokera ku tayala lakale, koma mphira wa tayala suchedwa pa msewu wathu uno.

Ndinauza patarau kuti galimoto iyi isayendenso pa koluna mpaka kremalyera ina ipezeke. Anatukwana m'chilankhulo chake, anamenya tebulo, koma anaitanitsa ku Nampula. Kenaka kudikira. Koluna ikadutsa, iye amaima pakhonde kuyang'ana magalimoto a anzake, n'kutembenukira kwa ine ngati ndine ndinadya manowo. Mchere unali mbwee m'nyumba, wayamba kuchita madzi. Uthenga utafika kuti chitsulo chatsika ndi sitima ku Cuamba, ndinakwera lole ya munthu wina kukachitenga ndekha. Pobwerera ndinachifukata pamiyendo chili m'chiguduli, ngati khanda.

Ntchitoyo sinali yamasewera. Ndinakweza galimoto ndi jeke n'kuikhazika pa zipika za mtondo. Manati onse anali atagwirana ndi fumbi lofiira ndi dzimbiri, ndinachita kuwanyowetsa ndi palafini, kudikira, kunyowetsanso. Mfundo za kumatayala zinkakana kutuluka mpaka umenye nyundo m'mbali, osati pamutu, umenye umenye mpaka yokha idumphe. Kremalyera yakale inatulukira mbali ya kumanzere, nditachita kuipotokola ngati ndikuzula chinangwa. Mabusha atsopano ndinawapaka thovu la sopo n'kuwakanikiza ndi bawuti yaitali, pang'onopang'ono, chifukwa ukawamenya amang'ambika. Yatsopano italowa ndinaiika pakatikati, ndinalumikiza ndi ndodo ya chiwongolero, ndinapaka girisi. Bambo wa matumba uja anasuzumira pansipo n'kuti, "Wodwala achira?" Ndinati achira, koma asadzuke msanga.

Apa mumvetse bwino, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kumapeto kwa kremalyera kuli mikono iwiri, wina wopita ku tayala la kumanja, wina la kumanzere. Mkono uliwonse umamangidwa ndi nati, ndipo natiyo imatsekeredwa ndi kapini, kawaya kamiyendo iwiri kamene umalowetsa pabowo n'kukatambasula miyendo. Popanda kapini, nati imamasuka yokha ndi kugwedezeka kwa msewu. Koma sungatseke usanawongole matayala. Umayamba watsitsa galimoto pansi, kukoka chingwe m'mbali, kuyeza kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala, kumasula, kupotoza, kuyezanso. Nthawi yonseyo manati amakhala ongogwiriziza. Ndiye galimoto ya chonchi, ukaiyang'ana, yaima bwinobwino pa matayala ake ngati yatha. Koma sinathe.

Amene anandiphunzitsa ntchito ku Cuamba anali ndi lamulo lake: chimene sichinalowe m'galimoto chimangidwe pa chiwongolero. Ukasiya ntchito pakati, tizitsulo totsala umatikulunga m'kansanza n'kumangirira pa chiwongolero ndi chingwe, kuti aliyense wokhala pampando ayambe wagwira kansanzako asanagwire kiyi. Ndinagwira ntchito choncho moyo wanga wonse. Oyendetsa a pa Mandimba ankadziwa. Ngakhale wosadziwa, munthu wamutu wake amamasula n'kuona, kapena amafunsa.

Koma mlamu wanga anali ndi maso ena pa ine. Ine ndine Msilamu, kwathu ndi konkuno ku Mandimba. Mkazi wanga ndi wa kutchalitchi, ndipo banja lathu mlamuyo sanalifune chiyambire. Mwana wathu woyamba atabadwa, mayi anga anamumanga chithumwa pamkono monga timachitira. Mlamuyo atabwera kudzaona mwana, anatulutsa mpeni, anadula chithumwacho n'kuponya pamoto, mayi anga akuona. Tinakangana mpaka anthu kutigwira. Pambuyo pake tinagwirizana, tinkadyera mbale imodzi, ntchito ndinamupezera. Koma kwa iye chilichonse chimene ndamanga mfundo chinali mankhwala.

Linali Lachisanu. Ndinali nditayeza kamodzi, tayala la kumanzere linali likuyang'anabe kunja. Kumzikiti anaitana. Ndinatenga timapini tiwiri tija, ndinatikulunga m'kansanza kakuda ndi girisi, ndinakazunguliza chingwe kambirimbiri kuti kasagwe, ndinamangirira pamwamba penipeni pa chiwongolero. Ndinasamba m'manja ndi mchenga, ndinapita. Anthu ena amati bwanji sunamuuze. Ndikanamuuza ali kuti? Anali atapita kumsika kukameta. Ndipo kansanzako ndiye kunena kwake.

Tili pakati pa swala ndinamva malole. Poyamba ndinati mwina angodutsa. Kenaka ndinamva kulira kwa injini imene ndinkaidziwa ngati chifuwa cha mwana wanga. Inali ya karinya yathu. Ndinali mzere wakutsogolo, kumbuyo kwanga anthu adzaza, ndipo mawu a pempherolo ankangotuluka okha, mutu uli pansi pa mango. Titangomaliza ndinalumpha anthu, nsapato ndinazisiya pakhomo pomwepo.

Pansi pa mango panali zipika, chingwe changa choyezera ndi madontho a oyilo. Pakhomo pa kantina pankakhala mayi wina wogulitsa zitumbuwa.

"Mayi, galimoto ili kuti?"

"Yapita ndi koluna, bambo. Patarau anaiona yaima pansi, anayamba kukuwa kuti mchere ukwere."

"Nanga kansanza kanali pa chiwongolero?"

Mayiyo anaseka. "Mankhwala anu aja? Alamu anu adula ndi mpeni. Sanakhudze n'komwe ndi dzanja, achita kunyamula ndi kamtengo uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Mankhwalawo ali apo padzala. Koma inu Asilamu, mpaka m'galimoto?"

Ndinakapeza paphulusa, mfundo zanga zili chimangire, chingwe chodulidwa bwinobwino. Sanatsegule. Ndinakaponya m'thumba la kabudula, ndinalanda njinga ya wophika wa patarau osapempha, ndinauyamba msewu wa ku Ngauma.

Koluna siyenda mothamanga. Pamalo okayikitsa asilikali ankatsika n'kumayenda pansi akubaya dothi ndi zitsulo zosongoka. Ndiye ndinkadziwa kuti ndikhoza kuipeza. Ndinapalasa wopanda nsapato, tayala la njinga lili mumzere wa tayala la lole, maso pansi, fumbi lawo likadali m'mwamba. Pachitunda ndinkatsika n'kumathamanga ndikukankha. M'mutu munali chinthu chimodzi: nati ya kumanzere, ndinaimanga bwanji? Ndi sipanala kapena ndi zala? Mabampu aliwonse amene ndinkadutsa ndinkaona natiyo ikuzungulira. Ndinkalankhula nayo mokweza ngati wamisala, gwira, gwira pang'ono, ndikubwera.

Kenaka ndinamva mfuti. Zambiri, zosalekeza, kenaka zii.

Panali potsetsereka popita ku kamtsinje. Koluna yonse inali itaima. Asilikali anali atagona m'mbali mwa msewu, atawombera m'thengo mopanda munthu, poganiza kuti awatchera. Karinya yathu inali m'chigwembe, yagona cham'mbali, tayala lina likuyang'ana uku, lina uko. Matumba a mchere anali atakhuthukira mbali imodzi. Pansi pa matumbawo ndi pamene anamupeza bambo wanthabwala uja. Anali atamufunditsa kale chiguduli, mapazi okha akuoneka. Anasiya mkazi ndi ana ang'onoang'ono. Mlamu wanga anali atakhala pamwala, wagwira phewa, magazi pang'ono pachipumi.

Ndisanaike n'komwe njinga pansi anandigwira. Makaniko wa asilikali anali atalowa kale pansi pa galimoto, ndipo anatuluka akukuwa kuti nati palibe, pini palibe mbali zonse ziwiri, munthu wachita dala kuti koluna iime pamalo oipa. Anandipisa m'matumba. Anapeza kansanza. Mkulu wawo anakadula, timapini tiwiri tinagwera m'dzanja lake. Anatikweza m'mwamba kuti onse aone. Taganizani. Ine ndapalasa mtunda wonsewo kubweretsa timapini kuti ndipulumutse anthu, ndipo timapini tomweto ndi timene tinakhala umboni wakuti ndine ndinatichotsa.

Ndinafotokoza. Panali msilikali wachikuda wa ku Cuamba amene ankamasulira. Ndinanena za chingwe choyezera, za lamulo la kansanza, za kumzikiti, za padzala. Mkuluyo anamvetsera, kenaka anatembenukira kwa mlamu wanga. Womasulira anati, "Bambo, akufunsa kuti pa chiwongolero panali chomangidwa kapena ayi?"

Mlamu wanga anati, "Sindinaone kanthu ine. Anandiuza yekha kuti galimoto yatha."

"Alamu!" ndinakuwa. "Alamu, tayang'anani kuno! Ndinakuuzani liti? Mpeni uli m'thumba mwanumo!"

Sanadzutse mutu. Ankangokanda dothi ndi chala cha kuphazi. Womasulira uja anandinong'oneza m'Chiyao kuti khala chete mbale, ukuwonjezera. Anandimanga ndi chingwe n'kundiponya m'lole.

Za kundende ya ku Cuamba sindinena zambiri. Ankafuna mayina a amene anandituma, ndipo ine ndinalibe dzina loti ndiwapatse. Anali ndi mbalamatodya, thabwa lija lamabowo lomenyera m'manja. Atamva kuti ndine makaniko anati ndiye bwino, tiyambire pomwepo. Manja ankatupa mpaka zala kusowa, akaphwa ayambiranso. Ndinalowa chimanga chisanabzalidwe, ndinatuluka anthu akukolola. Sanandiuze chifukwa chonditulutsira, monganso sanandiweruze. Mayi wa zitumbuwa uja anali atawolokera ku Malawi masiku omwewo, ndipo sindimudandaula, nthawi imeneyo mboni inkalowa m'chitokosi limodzi ndi wolakwa. Patarau anali atapeza makaniko wina. Ngakhale akanandifuna, zala zanga izi sizipindika kufika pogwira sipanala yaing'ono. Nati ikagwa pansi ndimachita kuitola ndi manja awiri. Lero ndimamata machubu a njinga pamsika. Ine amene ndinkatsitsa injini.

Mkazi wanga sanandisiye, zimenezo ndinene. Ndili m'ndende anayenda wapansi mpaka ku Ngauma kukafunsa mchimwene wake. Mlamuyo anamutengera kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza kuti, "Mlongo wanga, ndinkayesa ndi chithumwa. Ndinkati amuna ako andimangira mankhwala a mina, ndipo ine sindiyenda ndi zimenezo. Koma ndikanena tsopano andipha." Mkazi wanga anadzandiuza akulira nditatuluka. Ine ndinati chabwino. Mantha ndikuwadziwa, ndawaona mkati mwake. Apwitikizi akadalipo, akhale chete.

Apwitikizi anapita. Mbendera yawo inatsika tonse tikuona. Ndinadikira. Chaka chinatha, china chinatha, ana anakula, ine imvi zayamba. Munthu uja ali chete.

Ndipo kukhala chete kwakeko sikuli kopanda kanthu, chifukwa ku Ngauma nkhani inamera ina. Kumeneko amati Msilamu uja anamasula galimoto dala kuti aphe mlamu wake, kubwezera chithumwa cha mwana chimene anawotcha, koma imfa inaphonya n'kugwera munthu wosalakwa. Ana amene anabadwa nkhondo itatha amaidziwa nkhani imeneyi. Apongozi anga aakazi atamwalira ndinapita ndi mkazi wanga kumaliro. Tisanalowe m'mudzi anatitsekera njira ana a malemu wa matumba uja, atakula tsopano, amuna amapewa awo. Wamkulu anati, "Mayi alowe. Inu bambo bwererani, musatiyese." Mlamu wanga anali pabwalo pomwepo, wagwira buku la nyimbo. Anationa. Anatembenuka n'kuyambitsa nyimbo. Ndinakhala pansi pa mtengo kunja kwa mudzi ngati galu wakuba mpaka maliro kutha, apongozi amene ankandiphikira nkhuku yoti ndazinga ndekha poti ankalemekeza chipembedzo changa.

Sikuti iye sakudziwa chimene anachita. Chaka chilichonse akakolola amatumiza thumba la chimanga. Ndimabweza. Anatumizapo fodya, ndinabweza. Ulendo wina anatumiza mbuzi, ndinauza wobweretsayo kuti kawauzeni mbuzi siyankhula. Mkazi wanga amati, "Bambo a mwana, mwina ndi kupepesa kwake kumeneko, landirani mtima ukhale pansi." Kupepesa kwa mtundu wanji kobwera m'thumba, usiku ndi usana anthu akunditchula wakupha? Ananama ndi pakamwa pagulu. Chimanga chikalowa bwanji pamenepo?

Tsopano mwana wanga wamkazi, yemwe uja wa chithumwa, wapeza mnyamata wa ku Cuamba, wogwira ntchito ku njanji. Mnyamata wabwino, waulemu. Abale ake adzapita ku Ngauma kukafunsa za mtundu wa mkazi, monga amachitira anthu, chifukwa kwawo kwa mwana ndi kwa mayi ake. Akakafika kumeneko akamva chiyani? Akamva kuti akutenga mwana wa munthu amene anapha mnzake ndi sipanala. Mwanayo akudziwa, n'chifukwa chake masiku ano sakudya bwino, amangondiyang'ana. Ndipo amene adzawalandire alendowo, kuwayalira mphasa, kuwauza mbiri ya banja, ndi malume. Yemwe uja.

Ndiye alamu, poti ndamva kuti mumawerenga bwino kuposa ine, werengani apa. Manja anga sindikuwafuna, simungawabweze. Chimanga chanu dyani nokha. Kundigwadira sindikufuna, misozi sindikufuna. Alendo a ku Cuamba asanafike, inu ndi ine tipite kwa mayi wamasiye uja, mkazi wa malemu wa matumba, masana dzuwa lili pamutu, ana ake onse alipo, a m'tchalitchi mwanu alipo. Ine ndikaima kumene anandibwezera kuja mpaka mudzanditenge nokha. Mukaime monga mumaimira Lamulungu, mukweze mawu monga mumakwezera, munene kuti kansanza kanalipo pa chiwongolero, munakadula ndinu osatsegula, ndipo ine sindinakuuzeni kuti galimoto yatha. Mukanena zimenezo, bwerani mudzakhale nkhoswe, mphasa ndidzakuyalirani ndekha ndi manja omwewa. Musananene, pakhomo panga musaponde.